Mwezi wa Phewa Limodzi

Mukamva munthu akudandaula kuti boma la kwawo limalowerera pa chilichonse, muuzeni akaone ku Tsanzirani. Kumeneko boma lidalowerera mpaka m'thalauza, ndipo anthu adaombera m'manja.

Dziko la Tsanzirani lidali ndi mfumu yake, Chidzitame Wachitatu, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti ankakhalitsa pagalasi kuposa pamsonkhano. Lidalinso ndi lamulo limodzi limene ana ankaliloweza asanadziwe n'kuwerenga komwe. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse mfumu inkatuluka pakhonde la nyumba yachifumu mumzinda wa Ndionereni, n'kuima njo, anthu akuiyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Chimene yavala tsikulo ndicho chinkakhala chovala cha dziko lonse mpaka mwezi uthe. Mwezi ukatha, zovala zonsezo ankaziunjika pa Bwalo la Phulusa n'kuzitentha, asilikali akuliza malipenga, kuti pasapezeke wina wobwerera m'mbuyo.

Woyendetsa zonsezi adali Nduna ya Zovala ndi Maonekedwe, Olemekezeka a Tsatamphepo, bambo woonda amene chibadwire sadavalepo chinthu chimene adachikonda yekha. Pansi pawo padali Apolisi a Msoko. Amenewa sankayenda ndi zibonga ngati apolisi a kwina. Ankayenda ndi tepi yoyezera atakoleka m'khosi.

Tsono vuto lidali lakuti mfumu nayo ndi munthu, imakumana ndi zokumana nazo. Mwezi wina mavu adailuma pabondo itatsala pang'ono kutuluka, ndiye idatuluka itapinda mwendo umodzi wa thalauza. Dzuwa lisanalowe, mzinda wonse udali utapinda mwendo wakumanzere, ndipo ena odzipereka kwambiri adapita kukasaka mavu. Mwezi wina malaya a mfumu adachepa atawachapa m'madzi otentha. Dziko lonse lidavala malaya othina, moti kwa masiku makumi atatu palibe adaseka, kuopa kuthothola mabatani. A Tsatamphepo adalengeza pawailesi kuti bata lotere silidaonekepo chiyambire.

Kumapeto kwa msika wa Ndionereni, kutsidya kwa ngalande imene sinkauma ngakhale m'chilimwe, kunkakhala a Lufeyo Kachingwe, opanga ndi kugulitsa timipando ta matabwa. Paunyamata wawo ankacheka matabwa kumapiri n'kumatsika nawo paphewa, zaka makumi awiri, mpaka phewa lakumanja lidatsika osabwereranso. Malaya aliwonse ogula ankawakhala ngati apachikidwa pamsomali wopindika. Akazi awo, a Nangozo, amene ankasoka pamakina opalasa ndi phazi, adatopa nazo. Tsiku lina adawaimika pabwalo, adawayeza kawiri konse, n'kuwasokera jekete la khaki la phewa limodzi lotsika ndi matumba anayi. Thumba loyamba lidali lalitali ndi lowonda, la pensulo. Lachiwiri lidali la misomali, ndipo adalilimbitsa ndi kachikopa. Lachitatu lidali la mtedza wokazinga. Lachinayi lidali m'kati, pachifuwa, ndipo a Nangozo adati limenelo lizikhala lopanda kanthu.

"Kuti muzikhala ndi poika dzanja mukamaganiza," adatero. "Mwatha ndevu ndi kuzikanda."

A Lufeyo akavala jeketelo ankaoneka owongoka ngati sadasenzepo thabwa. A Nangozo adatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, jekete lidatsala. Lidasuluka, lidalandira zigamba m'zigongono, koma mwini wake ankalivala tsiku ndi tsiku, kaya dziko lapinda thalauza, kaya lathina.

Mufunsa kuti nanga Apolisi a Msoko adali kuti zaka zonsezi. Adalipo ndithu. Koma nsapato za fashoni ndi matope sizimwerana madzi, ndiye ankafika pangalande paja, n'kusuzumira, n'kulemba kuti kutsidyako zonse zili bwino. Anthu a kutsidyako adazolowera. A Nabiyeni, mayi wa zitumbuwa amene ankagulitsa moyandikana ndi a Lufeyo, ankasunga chovala cha mwezi m'dengu pansi pa tebulo.

"Ine za boma ndimavala kuyambira pageti la msika mpaka pangalande," ankatero. "Ndikaoloka, thupi ndi langa."

Zidasokonekera m'mwezi wa mvula. Denga la khonde lachifumu lidadontha, madzi adadzaza, ndipo mfumu idatuluka itavala jombo. Mawa lake aliyense adali m'jombo, ngakhale akwati patsiku la ukwati wawo. Apolisi a Msoko atazindikira kuti tsopano angathe kuponda matope, adaoloka ngalande koyamba m'mbiri ya dziko. A Nabiyeni adawaonera patali, n'kulowetsa mapazi m'jombo mwachangu. A Lufeyo adali atawerama akukhoma mwendo wa mpando.

"Bambo, jekete ili ndi la mwezi uti?" adafunsa wapolisi wamkulu, akutambasula tepi.

"Si la mwezi," adayankha a Lufeyo. "Ndi langa."

Wapolisiyo adayang'ana mnzake. Yankho limeneli silidali pafomu, choncho adangowamanga.

Mlandu udakambidwa kunyumba yachifumu, mfumu ili pampando, nduna zonse zili m'jombo zonyezimira. A Tsatamphepo adayankhula maola awiri. Adati dziko lotukuka limadziwika ndi kolala. Adati maiko a kutali akutisirira chifukwa ife sitivala chinthu kawiri. Adati munthu wovala zimene akufuna yekha, mawa adzayamba kuganiza zimene akufuna yekha, ndipo mkuja dziko lidzagwa. Pomaliza adaloza a Lufeyo ndi chala.

"Mbuye wanga mfumu, bambo uyu waphonya miyezi yoposa mazana awiri. Sadapinde thalauza. Sadathine. Mwezi wa mataye atatu, iye adalibe n'imodzi yomwe. Jekete limeneli lipite ku Bwalo la Phulusa lero lomwe."

A Lufeyo ndende sankaiopa, munthu woti adagonapo m'mapiri. Koma jekete lija ndicho chinthu chokhacho chimene chidatsala ndi msoko wa dzanja la a Nangozo, ndipo kuliona likupsa ndiko ankakuopa.

Mfumu idali isakumvera nduna yake. Inkangoyang'ana a Lufeyo. Kunena zoona, Chidzitame adali atatopa. Kulikonse kumene ankayang'ana ankangoona iye yemwe: iye wamfupi, iye wonenepa, iye wogulitsa makala. Tsono apa padaima munthu wosafanana naye m'pang'ono pomwe, jekete losuluka, zigamba m'zigongono, koma lomukhala ngati adabadwa nalo.

"Tazungulirani," idatero mfumu.

A Lufeyo adazungulira.

"Mudaligula kuti?"

"Sindidagule, mfumu. Adandisokera mayi a kunyumba, malemu."

"Likukukhalani bwino."

"Zikomo, mfumu."

"Vulani. Ndalikonda."

A Tsatamphepo, amene mphindi yapitayo ankafuna moto, adafulumira kunena kuti nawonso adaliona kalekale kuti jeketelo lili ndi tsogolo. A Lufeyo adayesa kupempha kuti akapezeke telala asokere mfumu lina latsopano, koma mlonda adali atawagwira kale kolala. Adawasiyira pensulo, misomali ndi mtedza m'manja, n'kuwauza kuti mlandu watha, athokoze.

Tsiku loyamba la mwezi wotsatira mfumu idatuluka pakhonde itavala jekete la a Lufeyo. Koma mapewa a mfumu adali ofanana, mapewa a munthu amene sadasenzepo ngakhale mtolo wa udzu. Jekete lidakwinyika kukhosi, lidakoka kukhwapa, lidakana. Mfumu idaona pagalasi kuti njira yokha yoti likhale bwino ndiyo kutsitsa phewa lakumanja, ndiye idatuluka itapendekeka. Anthu adaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga mwa mwambo, ndipo mmodzimmodzi adayamba kutsitsa phewa.

Atelala sadapume. Khaki idatha m'masitolo, ena adadula matenti. Popeza jekete la mfumu lidali losuluka, anthu ankakhula latsopano pamwala mpaka lisuluke, n'kuboola zigongono zabwinobwino kuti aikepo zigamba. Matumba adasoka anayi monga mwa lamulo, koma palibe ankadziwa ntchito yake. Unduna udakhazikitsa komiti ya anthu khumi ndi awiri yofufuza za thumba la m'kati. Komitiyo idakumana kasanu kumalo ogona alendo, n'kupeza kuti thumbalo likuimira umodzi wa dziko.

Mwezi umenewo udatchedwa Mwezi wa Phewa Limodzi, ndipo Tsanzirani adaona zakuda. Amayi ankachoka kumjigo ndi ndowa yodzaza, n'kufika kunyumba ndi theka, chifukwa munthu wopendekeka sasenza madzi. Anjinga zakabaza ankati akaloza kuchipatala n'kukapezeka kuchigayo, njinga ikungokhotera kumanja. Pa perete wa asilikali, gulu lonse lidayenda mokhota bwinobwino, mwadongosolo, mpaka lidakalowa m'munda wa chinangwa wa mkulu wa asilikali. A Tsatamphepo adalengeza kuti kuyenda mowongoka ndi khalidwe lachikale, ndipo Apolisi a Msoko adayamba kuyeza mapewa pamsewu.

Choseketsa n'chakuti a Lufeyo, amene tsopano ankavala jekete logula ngati wina aliyense, adasanduka chitsanzo. Phewa lawo lidali lotsika kale, losachita kukakamiza. Wapolisi yemwe adawamanga uja adawaimitsa pageti, adawayeza, n'kuitana anthu.

"Taonani nzika yokhulupirika iyi. Ngakhale poyetsemula phewa silikwera."

Koma a Lufeyo sadakondwe. Jekete logulalo adalisoka motengera, osayeza munthu, ndipo linkawakanda m'khosi. Pensulo inkagwa, misomali idaboola thumba tsiku loyamba. Ankakhala pakati pa timipando tawo ali duu, akukanda ndevu. Chimene chinkawadya mtima n'chakuti masiku ankatha. Mwezi ukatha, majekete onse a m'dziko adzapita ku Bwalo la Phulusa, ndipo mwa mwambo chovala cha mfumu ndicho chinkakhala pamwamba pa mulu, choyamba kulandira moto.

Kutatsala masiku awiri, a Nabiyeni adawaikira chitumbuwa pabondo.

"Achimwene, mwaonda. Idyani."

"Sichilowa, achemwali. Mkuja alitentha."

"Ndiye mwakhala pano kudikira utsi?"

"Nanga nditani? Munthu wa timipando angakalankhule chiyani kunyumba yachifumu?"

A Nabiyeni adatembenuza chitumbuwa m'mafuta ndi dzanja lakumanzere, chifukwa lakumanja lidali litachita dzanzi ndi kupendekeka kwa pageti.

"Ndamva kwa mayi wochapa kumeneko kuti mfumu khosi lauma. Sikutembenuka. Ikafuna kuyang'ana nduna, alonda amachita kuitembenuza mfumuyo ndi mpando womwe. Asing'anga alephera, madokotala alephera, chifukwa palibe angayerekeze kunena kuti vuto ndi jekete. Inu ndinu nokha m'dziko muno amene mukulidziwa jeketelo. Pitani mukanene. Mwana wosalira adafera pamsana."

M'mawa mwake a Lufeyo adaoloka ngalande, adadutsa msika, n'kukaima pachipata chachifumu. Alonda ataona phewa lawo adaganiza kuti ndi mkulu wa ku Unduna, ndipo adawalowetsa ndi sailuti yopendekeka.

Adapeza mfumu ili pampando, mutu utagonera kumanja ngati nkhuku yachitopa, jekete lili m'thupi. A Tsatamphepo adali pambali, atapendekeka kuposa mfumu yomwe, kuti asaoneke ngati akupikisana nayo.

"Ndi inu a jekete," idatero mfumu, ikuwayang'ana cham'mbali. "Tandiuzani chinthu chimodzi. Inu linkakukhalani ngati khungu. Ine landipha khosi. Mudaikamo mankhwala?"

"Mulibe mankhwala, mfumu."

"Nanga n'chiyani?"

A Lufeyo adafuna poika dzanja, koma jekete logula lija thumba lake la m'kati lidali losokedwa pakamwa, longoonetsera. Adangogwira chipewa ndi manja awiri.

"Mfumu, mayi a kunyumba asanadule nsalu adayamba ayeza ine. Adaona kuti phewa ili lidatsika ndi matabwa, ndiye adatsitsa nsalu kuti itsate phewa. Inu mwatsitsa phewa kuti litsate nsalu. Jeketelo silidalakwe, kungoti likufuna mwini wake. Inunso mutapeza telala woti akuyezeni inuyo, osati kuyeza mwezi, mungavale chinthu osamva kuwawa."

Nduna zina zidayang'ana pansi, zina kudenga, malinga ndi kumene khosi linkalola.

"Ndipo ndabwera kudzapempha," adapitiriza a Lufeyo. "Musalitenthe. Kwa inu ndi chovala cha mwezi uno. Kwa ine ndi dzanja la mkazi wanga. Ndilibe china chimene adandisiyira."

A Tsatamphepo adalumpha ngati aponda moto.

"Mwamva, mbuye wanga? Akuti mfumu ya dziko yavala chovala cha mwini! Akuti dziko lonse lapendekeka chifukwa cha matabwa a bambo uyu. Kumeneku n'kunyoza mpando. Ndende yachepa. Kumuthamangitsa m'dziko kwachepanso, chifukwa kunjako akavala zimene akufuna."

"Ndiye mukuti tichite naye chiyani?" idafunsa mfumu.

Nduna idatseka maso, ikufufuza m'mutu mwake chilango choopsa kuposa zonse zimene munthu angalandire pansi pano. Itachipeza, idatsegula maso.

"Mbuye wanga, mawa mwezi ukutha. Jekete ili likhala lachikale, chinthu chochititsa manyazi. Tisalitenthe ayi, moto ungamuchitire chifundo. Timubwezere. Alivale mawa, alivale mkuja, alivale chaka chamawa. Anzake akamasintha mwezi ndi mwezi, iye akhale momwemo mpaka tsiku la imfa yake. Aletsedwe kuvala chovala cha mwezi china chilichonse. Ana azimuloza pamsewu kuti uyo adatsalira."

Nduna zinzake zidagwira pakamwa. Ina idanong'oneza kuti a Tsatamphepo aonjeza, munthu salangidwa chotero ngakhale ataba ng'ombe.

Mfumu idayang'ana a Lufeyo nthawi yaitali. Ena amene adalipo amati pakona pa mlomo wake padagwedezeka pang'ono, ena amati lidali khosi chabe. Ine sindidalipo, sindinganame.

"Chilango n'chowawa," idatero mfumu, "koma lamulo ndi lamulo. Lembani. Ndipo wina andivule chinthuchi msanga."

Adaivula. Mfumu idawongola phewa, khosi lidalira ngati nkhuni youma, ndipo idapuma mpweya wautali umene idausunga mwezi wathunthu. Nthawi yomweyo nduna zonse zidawongoka, kupatula a Tsatamphepo, amene adadikira kaye kuti aone ngati kuwongokako n'kwa lamulo.

Mlembi adalemba chigamulo, adadinda chidindo, n'kupereka pepala kwa a Lufeyo pamodzi ndi jekete. Adawafunsa ngati ali ndi mawu otsiriza asanayambe chilango.

"Ndalakwa ndalakwa," adatero a Lufeyo, maso ali pansi. "Ndipirira."

Adalivala pomwepo. Nsalu idatsetsereka n'kukhala paphewa pake penipeni, ndipo munthu amene adalowa wopendekeka adatuluka wowongoka.

Mawa lake utsi wa khaki udakwera ku Bwalo la Phulusa, malipenga akulira. Mfumu idatuluka pakhonde itakulunga khosi ndi thaulo lotentha, monga adailangizira dokotala, ndipo pofika masana thaulo lidali litasowa m'masitolo onse a Ndionereni. Kunja kunkatentha kwambiri tsiku limenelo.

Apolisi a Msoko adafika pangalande, thukuta lili kamukamu pansi pa mathaulo. Jombo zidapsa kalekale, ndiye adaima tsidya lomwelo. Wamkulu uja ataona jekete la khaki adayamba kutambasula tepi mwachizolowezi, koma a Lufeyo adangokweza pepala la chidindo. Wapolisiyo adagwedeza mutu mwachisoni.

"Pepani, bambo. Limbani mtima."

"Tikuyesetsa," adayankha a Lufeyo.

Adabwezera pensulo m'thumba lake, misomali m'thumba lake, mtedza m'thumba lake. Pepala la chigamulo adaliyang'ana, adaganiza zoliika m'thumba la m'kati, kenaka adasintha maganizo n'kulipinda m'chipewa. Adakhala pakampando, n'kulowetsa dzanja pachifuwa, m'thumba lopanda kanthu lija.

A Nabiyeni adavula thaulo lawo, adapukutira manja, n'kuliponya m'dengu. Adayang'ana mzere wa anthu odutsa kutsidya, makosi okulungidwa dzuwa lili pamutu, kenaka adayang'ana mnzawoyo.

"Achimwene," adatero motsitsa mawu, "ndili ndi diresi langa lobiriwira limene limandikhala bwino. Tandiuzani, munthu amalakwa chiyani kuti alandire chilango ngati chanuchi?"